Nsapato za Aphunzitsi ku Coimbra

Mzinda wa Coimbra bambo anga ankaudziwa asanauone. Anauphunzira ali mwana kusukulu ya mishoni kwathu ku Quelimane, nthawi ya Apwitikizi, pomwe ana ankaloweza mitsinje, mapiri ndi njanji za ku Portugal, koma osauzidwa kumene mtsinje wa kuseri kwa nyumba yawo ukuchokera. Wolakwitsa ankalandira thabwa m'manja. Bambo sankalakwitsa. Atakula anakhala mphunzitsi, kenako mphunzitsi wamkulu, ndipo mpaka lero, ngakhale anapuma ntchito kalekale, Quelimane yense amawatchula kuti Aphunzitsi Aniceto. Amayi nawonso amawatchula choncho, koma pokhapokha akafuna kuwanyogodola.

Ine ndine Zulmira, mwana wawo wotsiriza. Ndine namwino pachipatala china kuno ku Coimbra, ndipo ndinakwatiwa ndi Telmo, mbadwa ya konkuno, woyendetsa mabasi a mumzinda. Ukwati wathu bambo sanaulandire ndi manja awiri. Nkhani sinali yoti Telmo ndi mzungu ayi. Chinawawawa n'chakuti mwana wawo anapita kumzinda wa madokotala ndi maprofesa n'kukatolako dalaivala. Pafoni ankangoti, "A Dalaivala ali bwanji?" Nditabereka mwana wathu woyamba, amayi anati akubwera kudzaona mdzukulu, ndipo bambo anati awaperekeza poti ulendo ndi wautali. Tonse tinkadziwa chimene iwo ankadzaona. Mdzukulu ankamunyamula ndithu, koma akamunyamula ankapita naye pawindo, maso ali pansanja ya yunivesite pamwamba pa phiri.

Loweruka lina Telmo sankagwira ntchito, ndiye tinasiya mwana kwa apongozi anga, a Dona Graciete, kuti tikawaonetse makolo anga mzinda. Unali mwezi wa Ogasiti, ndipo dzuwa la kuno likapsa mtima limafanana ndi la kwathu. Amayi anavala kapulana, chitenje cha kwathu, ndi patapata, n'kunyamula chikwama chachikulu. M'menemo munali nkhuku yowotcha yonyika mumkaka wa kokonati, mpunga, botolo la madzi ndi ambulera. Bambo anatuluka m'chipinda atavala suti yakuda, tayi, chipewa, ndi nsapato zatsopano zimene anagula ku Maputo n'kuzisunga m'bokosi kudikira tsikuli.

"Aphunzitsi, mukukakwatira?" anafunsa amayi.

"Kumene tikupitaku munthu sapita ngati akukagula nsomba, Etelvina."

"Nsapatozo simunayende nazo n'kamodzi komwe."

"Nsapato yabwino siyesedwa. Imamudziwa yokha mwini wake."

Titafika pamlatho, bambo anaima, navula chipewa, n'kuyang'ana madzi. Kenako anayamba kutchula mitsinje ya ku Portugal kuchokera kumpoto, mawu ali pamwamba ngati ali kutsogolo kwa kalasi. Atafika pa Mondego, mtsinje wa pansi pa mlathowo, analoza pansi ndi chala, ngati auyitana iwo kuti ubwere. Anthu odutsa ankatiyang'ana. Atamaliza anatembenukira kwa Telmo.

"A Dalaivala, sitima ya ku Lousã imanyamukira pati?"

"Njanji imeneyo anaizula, Bambo. Papita zaka. Masiku ano timapitako pabasi."

Bambo anamuyang'ana ngati njanjiyo anaizula ndi iyeyo usiku ndi anzake.

"Mnzanga Jacinto anatupa manja sabata yathunthu chifukwa cha njanji imeneyo," anatero. "Ndiye inu mwangoizula."

"Pepani, Bambo," anatero Telmo, yemwe ndi munthu wopepesa ngakhale mvula ikagwa.

Telmo anati tikwere basi yopita pamwamba pa phiri, mnzake ndiye akuyendetsa. Bambo anakana. Anati anthu onse otchuka amene anaphunzira pamenepo anakwera phirilo wapansi, ndipo iwo sanawoloke nyanja kuti adzafike pakhomo la maphunziro atakhala pampando. Choncho tinalowera njira ya masitepe amene anthu akuno amawatchula kuti Chothyola Msana.

Poyamba bambo anali patsogolo. Ankafunsa Telmo mafunso osatembenuka.

"M'nyumba ya mabuku ya payunivesite munalowamo kangati?"

"Sindinalowemo, Bambo."

"Munabadwira kuno?"

"Eya, kuseri kwa bwalo la mpira uko."

"Ndipo simunalowemo."

"Ndimadutsa chapafupi ndi basi. Pokhota pake ndimapadziwa bwino, ndi povuta."

Bambo anangopukusa mutu. Koma tisanafike pakati pa chitunda, mafunso anatha. Anayamba kuima pafupipafupi, nthawi iliyonse ndi chifukwa chake. Apa ankaona mwala wa pakhoma, apo ankawerenga dzina la msewu. Pakhomo lina anaima nthawi yaitali akuyang'ana chitseko wamba chobiriwira, phazi lakumanja atalikweza pang'ono ngati nkhuku yodwala.

"Chitsekochi mwachikonda," anatero amayi. "Tifunse mtengo?"

"Ndikuona luso la amisiri akale."

"Ababa, nsapato zikukupwetekani?" ndinafunsa.

"Iwe, unamwino wako usiye kuchipatala."

Tinafika pabwalo la yunivesite thukuta lili kamukamu. Kolala ya bambo inali itanyowa, koma jekete sanavule. Ophunzira angapo ovala mikanjo yakuda anadutsa, ndipo bambo anawaweramira. Mmodzi anawagulitsa positikhadi.

M'nyumba ya mabukuyo amalowetsa anthu m'magulu, kwa kanthawi kochepa, ndipo mukalowa amatseka chitseko. Ine ndinali nditalowamo kale, ndiye ndinkayang'ana bambo osati makoma. Anaima pakati pa chipinda, chipewa chili pachifuwa. Mashelefu a golide anakwera mpaka kudenga, mabuku achikopa ali thithithi, denga lonse lojambulidwa. Kunena zoona, ineyo misozi inalengeza. Ndinaganiza za kamnyamata kopanda nsapato kaja, kakuloweza dzina la malo ano pansi pa denga lofolera ndi masamba a kokonati.

Kenako bambo anasuntha, ndipo nsapato zinalira. Panja sitinkazimva chifukwa cha phokoso, koma muno munali zii. Phazi lililonse linkati tswii. Anthu anatembenuka. Bambo anayesa kunyang'ama, nsapato zinalira motalikitsa. Anayesa kukhwekhwereza mapazi, zinalira zonse ziwiri pamodzi. Potsiriza anangoima pamalo amodzi n'kumatembenuza khosi lokha.

Amene ankatifotokozera anali mtsikana wamagalasi, waulemu wake. Bambo anakweza dzanja ngati mwana wasukulu.

"Mwana wanga, ndingagwireko buku limodzi? Lililonse. Ndine mphunzitsi."

Mtsikanayo anawauza mofatsa kuti sizitheka. Anati mabukuwo ndi okalamba kwambiri, ndipo wofuna kuwerenga amayamba walemba kalata kupempha, n'kukaliwerengera kuchipinda china.

"Ndiye muno amawerengamo ndani?"

"Muno ayi, Bambo. Muno timangoona."

Amayi nthawi yonseyi sankayang'ana golide. Anapendeketsa mutu, khutu lili m'mwamba.

"Muno muli mileme," anatero.

"Etelvina, chonde."

"Ndamva kulira."

Bambo anayang'ana uku ndi uku, n'kunong'ona, "Ndi nsapato zanga."

"Zanuzo zikulirira pansi. Izi zikulirira kumwamba." Ndipo bambo asanawaletse, amayi anafunsa mtsikana uja mokweza, "Mwanawe, muno muli mileme eti?"

Bambo anatsinzina. Koma nkhope ya mtsikanayo inawala ngati wafunsidwa za mwana wake. Anati eya, ilimo, imakhala kuseri kwa mashelefu kuyambira makedzana. Usiku imatuluka n'kumadya tizilombo timene tikanadya mabuku. Madzulo alionse antchito amafunditsa matebulo ndi zikopa kuti mileme isawaipitsire, ndipo m'mawa amasesa. Palibe amene amaloledwa kuipirikitsa.

Apa ndiyenera kufotokoza kuti pa zaka zonse zimene bambo anali mphunzitsi wamkulu, mdani wawo wamkulu sanali ana ojomba kapena oyendera sukulu. Inali mileme ya m'denga la sukulu. Anaifukiza ndi tsabola, anaifukiza ndi makoko a kokonati, anatuma ana ndi nsungwi. Chaka china utsi unasanduka moto, kalasi imodzi n'kuphunzirira pansi pa mtengo wa mango mpaka mvula itayamba.

"Mwamva, Aphunzitsi?" anatero amayi. "Munkathamangitsa anzanu ogwira nawo ntchito."

"Mileme yakuno ndi ina."

"Ina bwanji?"

"Yakulira m'mabuku."

Nthawi yathu inatha, chitseko chinatsegulidwa, gulu lina linali likudikira kale. Bambo anatuluka pambuyo pa onse, tswii, tswii, mpaka panja. Anaima padzuwa akuphethira.

"Basi?" anandifunsa.

"Basi, Ababa."

Anavala chipewa chawo pang'onopang'ono.

Tinakadyera m'munda wa mitengo wa yunivesite, pabenchi ya pamthunzi. Amayi anatsegula chikwama, fungo la nkhuku linafalikira, ndipo anthu amene ankadya masangweji pabenchi ina anayamba kuoneka achisoni. Telmo anadya ngati wabwera kuchokera kundende. Amayi amamukondera pa chifukwa chimenechi.

"Idyani, bambo a mwana. Kwanu kuno nkhuku amangoiopseza ndi mchere."

Bambo anadya pang'ono. Ndinawauza kuti avule nsapato mapazi apume, anati munthu savula nsapato pamalo a yunivesite. Ndinati tibwerere kunyumba, anati pulogalamu sinathe, kwatsala nyumba yosungiramo zinthu zakale.

Nyumbayo inali yozizira bwino, yazipinda zambiri zotsatizana. Tinadutsa mbalame zouma, mafupa a nsomba yaikulu, ndi makina amkuwa amene ngakhale Telmo sanadziwe ntchito yake. Bambo ankatsalira m'mbuyo, dzanja lili kukhoma. Ife tinafika m'chipinda cha zinthu zimene zinatengedwa kumaiko a ku Africa kalelo. Munali mikondo, ng'oma, madengu. Mwadzidzidzi amayi anaima pagalasi lina n'kugwira pakamwa.

M'katimo, pansalu yofiira, nyale ikukaunikira, munali kampando kopalira kokonati, kaja timakhalira kukhitchini, kokhala ndi kachitsulo ka mano kutsogolo. Pambali panali kapepala kolembedwa kuti kanachokera ku Zambézia, chigawo chathu chomwe.

"Zulmira, uwu si mwano uwu?" anatero amayi akuseka. "Kanga n'kakale kuposa aka. Aka sikanagwire ntchito n'komwe, taona mano ake." Anasuzumiranso. "Koma anakatenga kwa yani? Mwini wake anapalira chiyani tsiku limenelo? Ana anadya mpunga wopanda kokonati chifukwa cha anthu amenewa."

Anatembenuka kuti awaonetse bambo, amene chaka chilichonse amawauza kuti kawoko akataye agule makina. Bambo kunalibe.

Telmo anati akawayang'ana. Tinadikira. Atabwerera, nkhope yake inali yofiira ngati tomato, akuluma mlomo.

"Amayi, Zulmira, tabwerani. Koma musaseke mokweza."

Tinabwerera m'mbuyo zipinda ziwiri. Pakhomo la chipinda china, m'mbali mwa khoma, panali mzere wa nsapato. Zoyambirira zinali zakuda, zonyezimira, zoikidwa bwino, zidendene kukhoma. Kenako panatsatira masandasi, nsapato zoyendera m'mapiri, nsapato zoyera za amayi achikulire, mzere wautali ngati pakhomo la mzikiti Lachisanu.

Zimene zinachitika tinazimva pambuyo pake. Bambo atafika pamenepo, mapazi anakana. Anayang'ana uku ndi uku, anaona kuti palibe munthu, anavula nsapato n'kuziika pambali kuti aponde pansi pozizira pang'ono chabe. Ali chiimire pakhomopo ndi masokosi, panatulukira gulu la nkhalamba za ku Germany. Wowatsogolera anali atatsalira pansi kuthandiza mnzawo wina wa ndodo. Anthuwo anaona bambo wa imvi, wa suti ndi tayi, ataima pakhomo mwaulemerero, nsapato zake zili pambali. Mayi wina anawafunsa kanthu m'Chingerezi akuloza nsapatozo. Bambo Chingerezi sachimva, koma sangavomere. Anangogwedeza mutu mwamphamvu n'kutambasula dzanja kuti lowani. Anthuwo anawerama onse n'kuyamba kumasula zingwe.

Tinasuzumira. Chipindacho chinali cha mapu akale, ndipo kukhoma lakutsogolo kunali mapu aakulu a Portugal. Bambo anali ataima patsogolo pake, atapinda positikhadi ija ngati cholozera, jekete atamanga mabatani onse. Ajeremani anali ataima m'mizere iwiri ndi masokosi awo, aafupi kutsogolo, aatali kumbuyo. Sindikukayika kuti anawandandalika ndi bambo.

"Minho," anatero bambo akuloza.

"Minho," linayankha gulu.

"Lima."

"Lima."

"Cávado. Inu akumbuyo, a ndevu, sindinakumveni."

A ndevuwo sanamve mawu, koma chala anachimva. Anabwereza okha, nkhope ili gwa. Bambo anawauza kuti ayesenso, atsegule pakamwa. Anayesanso.

Amayi anakhala pansi pomwepo pakhonde, analuma nsonga ya kapulana, mapewa akugwedezeka. Ine ndinafuna kulowa kuti ndikawatulutse, koma Telmo anandigwira mkono.

Nthawi yomweyo panafika mlonda wa nyumbayo, mayi wonenepa wa makiyi m'chiuno. Anayang'ana nsapato, anayang'ana m'chipinda, anayang'ananso nsapato.

"Chikuchitika n'chiyani pano? Bambowa ndi ndani?"

"Ndi apongozi anga," anatero Telmo. "Ndi mphunzitsi wamkulu wochokera ku Mozambique."

"Ali ndi chilolezo?"

"Cha uphunzitsi ali nacho, mayi."

Mayiyo anatsegula pakamwa kuti alankhule, koma bambo anali atafika pa Douro, ndipo ndinaona milomo yake ikutsatira yokha. Anali wa msinkhu woti nayenso analowezapo.

"Vouga," mayiyo ananong'ona, bambo asanautchule. Kenako anapinda manja pachifuwa. "Asiyeni amalize. Yatsala yochepa. Koma akatha mitsinje asayambe mapiri."

Bambo anatsika nayo mpaka kum'mwera, Tejo, Sado, Guadiana. Atamaliza anawerama pang'ono, ndipo Ajeremani anawomba m'manja. Ena anawajambula. A ndevu aja anabwera kudzawagwira chanza ndi manja awiri. Apo n'kuti wowatsogolera atafika, mnyamata wonyamula kambendera, ataima kakasi pakati pa nsapato, akufunsa anthu ake kuti wawauza ndani kuti avule. Onse analoza bambo. Bambo anali akuyang'ana mapu, manja kumbuyo.

Gululo litapita, panatsala nsapato ziwiri zakuda zija. Bambo anakhala pabenchi kuti avale. Phazi linakana kulowa. Anayesa linalo, chimodzimodzi. Ndinagwada n'kuwavula sokosi mosapempha. Mapazi anali atatupa ngati mabanzi, matuza a kuzidendene ataphulika, sokosi itamatirira pachilonda.

"Ababa, mwayenda chonchi kuyambira m'mawa?"

"Si kanthu."

"Si kanthu bwanji? Muli ndi shuga inu."

"Usandikalipire pagulu. Ophunzira anga sanapite patali."

Ndinawatsuka ndi madzi a m'botolo, mlonda uja anabweretsa mapulasitala. Tili mkati moganiza chochita, Telmo anakhala pansi n'kuvula nsapato zake. Zinali nsapato zamasewera, zobiriwira ngati chule, zokutha, zazikulu. Anaziika patsogolo pa bambo.

"Munthu wa suti savala zoterezi," anatero bambo.

"Ndiye muvale patapata wanga," anatero amayi. "Ali ndi duwa pamwamba, akukhalani."

Bambo anayang'ana patapata, anayang'ana nsapato zobiriwira. Analowetsa phazi limodzi, kenako linalo. Anaimirira, anayenda pang'ono. Ndinaona mapewa awo akutsika, nkhope ikumasuka ngati munthu amene wamwa madzi atayenda tsiku lonse.

"Ndi zonyansa," anatero.

"Zoona, Bambo," anavomera Telmo.

Telmo nsapato za bambo sizikanamukwana ngakhale chala chachikulu, choncho anazinyamula m'manja n'kutuluka ndi masokosi. Miyala ya mumsewu inali itapsa ndi dzuwa. Ankadumpha kuchoka pamthunzi wina kupita pa wina ngati khwangwala, ife tikumutsatira, bambo pakati, suti yakuda pamwamba, achule awiri pansi. Za anthu otchuka okwera phiri wapansi sizinatchulidwenso. Tinalunjika pamalo okwerera basi.

Woyendetsa basi imene inabwera anali Anselmo, mnzake wa Telmo, munthu wapakamwa. Atangotsegula chitseko anayang'ana mapazi a Telmo n'kugwetsa mutu pachiwongolero.

"Telmo, apongozi akulanda ndi nsapato zomwe? Mawa ubwera ndi buluku koma? Dikira ndikujambule, anyamata kugalaja aone."

Bambo anali atakwera kale sitepe yoyamba. Anaima, n'kumuyang'ana Anselmo ndi diso limene linkatontholetsa sukulu yonse pabwalo.

"Mnyamata iwe, dzina lako ndani?"

"Anselmo, Bambo."

"Anselmo, foniyo ibwerere m'thumba. Uyu ndi mkamwini wanga. Iwe yang'ana msewu."

Anselmo anabweza foni. Ulendo wonse sanayatse ndi wailesi yomwe.

Kunyumba tinapeza a Dona Graciete atamugoneka mwana. Ataona mwana wawo ali ndi masokosi obooka, akuda bii, anafunsa ngati taberedwa. Amayi anawakokera kukhitchini kuti akawafotokozere, ndipo posakhalitsa tinamva awiriwo akuseka mpaka kutsokomola. Ine ndinaika beseni la madzi ofunda amchere pabalaza. Bambo anaviika mapazi awo. Patapita kanthawi anasuntha pang'ono, n'kukankhira beseni pakati ndi phazi.

"Malo alipo," anatero osayang'ana munthu.

Telmo anakoka mpando n'kuviika ake. Anakhala choncho awiriwo, maondo atagundana, aliyense akuyang'ana kwake.

"Lolemba mukuyendetsa basi ya kuti?" anafunsa bambo.

"Ya kuchipatala, Bambo. Imazungulira kumsika, n'kukwera phiri, n'kutsikira kumtsinje."

"Ndikwera nawo. Mundisungire mpando wakutsogolo, ndione pokhota povuta mumanenapo."

Amayi anatuluka kukhitchini akupukuta misozi, anatola nsapato zakuda zija pakhomo n'kuzitembenuza uku ndi uku. Bambo anati azipereke kwa aliyense wozifuna, iwo sakufunanso kuziona.

"Ayi, ndi nsapato zabwino izi," anatero amayi akuzibwezera m'bokosi. "Tidzakuvekani tsiku la maliro anu. Tsiku limenelo simudzayenda wapansi."